Tisanagulitse Gombe, Tiyambe Takhala Pansi

 Ndapemphedwa kuti ndilankhule za malo a m'mbali mwa nyanja. Ine ndine katekisti chabe, wobadwira konkuno ku Mangochi, ndipo zimene ndikambe lero ndi zimene ndaziona ndi maso ndiponso zimene malamulo a dziko lathu akunena.

Gombe ndi chiyani kwa ife?

Munthu wa kumtunda akafika kuno amaona mchenga ndi madzi basi. Ife timadziwa kuti pamchenga pomwepo pali moyo wa mudzi wonse. M'mamawa amayi amatungapo madzi, kuchapa ndi kutsuka mbale. Asodzi amakochezapo mabwato, kusoka chilimira ndi kuyanika matchera. Mathandala a usipa ndi utaka amamangidwa pomwepo, ndipo ndalama ya fizi, ya mchere ndi ya sopo imachokera pamathandalawo.

Gombe ndi msewu wathunso. Kuyambira chaka cha 1951 sitima ya Ilala yakhala ikunyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Monkey Bay kupita kumpoto, ndipo m'madooko ambiri siifika pamtunda. Anthu amatsika ndi maboti aang'ono mpaka pamchenga. M'midzi ina nthawi ya dzinja, misewu ikaduka, mayi wodwala matenda aakulu amathamangira naye kuchipatala pa boti. Tsono mudzi umene wataya dooko lake wataya njira ya kuchipatala, ya kumsika ndi ya kumaliro.

Zimene zinachitika m'mudzi wina

Ndikuuzeni nkhani ya m'mudzi wina kumene ndinkapita kukaphunzitsa. Dzina sinditchula, chifukwa eni ake alipo. Kunafika bwana wina wa m'tauni wofuna kumanga nyumba yogona alendo. Anakumana ndi mwinimbumba wa banja lina, anthu awiri okha, nagwirizana mtengo. Alongo ake a bamboyo, amene malowo anali awo kuchokera kwa amayi awo, sanauzidwe kanthu. Anangodzidzimuka tsiku lina galimoto likutsitsa mitengo ndi waya.

Mpanda unamangidwa mpaka kulowa m'madzi. Amayi anayamba kuzungulira ulendo wautali ndi ndowa pamutu. Asodzi anasamukira pamalo a miyala, pamene nthawi ya mwera, m'miyezi ya June, July ndi August, kukocheza n'koopsa, ndipo mabwato awiri anasweka chaka chomwecho. Ndalama zija zinagula malata, njinga ndi wailesi, zotsala zinathera kumowa. Lero adzukulu a banjalo amasesa pabwalo la mlendoyo, pamalo pamene panali mtengo wa mango wa agogo awo, ndipo m'banjamo anthu sapatsana moni. Akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Musandimve molakwa, abale anga. Alendo sindikuwakana. Pitani ku Chembe, ku Cape Maclear, mudzi umene uli m'kati mwa Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa chaka cha 1980. Achinyamata ambiri kumeneko apeza ntchito yoperekeza alendo, yophika ndi yosema ziboliboli. Koma mukayenda pagombe lomwelo mudzaonanso kuti nyumba za alendo ndi ntchito za asodzi zikupanikizana pamchenga umodzi. Mudzi umene sunafikiridwe uphunzirepo nthawi ikadalipo.

Malamulo akuti chiyani?

Malo ambiri m'midzi yathu ndi malo a makolo. Mfumu ndi woyang'anira malowo m'malo mwa anthu ake. Sangawagulitse ngati mbuzi ya m'khola mwake, ndipo mwinimbumba nayenso ndi wosunga chabe.

Pa lamulo lakale la chaka cha 1965, malo a makolo akapatsidwa kwa munthu pa lisi ankachoka m'manja mwa mfumu, ndipo lisiyo ikatha ankasanduka malo a Boma. Ambiri amene anadinda chala masiku amenewo ankaganiza kuti akungobwereketsa.

Chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la malo a makolo, ndipo linakonzedwanso chaka cha 2022. Lamuloli likunena kuti m'dera la gulupu aliyense mukhale komiti yoona za malo. Wapampando ndi gulupu, ndipo pamakhala anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo amayi osachepera atatu. Likulolanso banja kulembetsa malo ake ndi kulandira chikalata. Pakabuka mkangano, pali mabwalo a za malo, ndipo ofesi ya Bwanamkubwa ili ndi alangizi a za malo.

Palinso lamulo la chaka cha 2011 loteteza chuma cha masiye. Kulanda nyumba, boti, injini kapena ukonde kwa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Ndikutchula zimenezi chifukwa malo ambiri a m'gombe amagulitsidwa maliro atangochitika, mayi akadali pamphasa.

Nyanja imabwerera pakale pake

Okalamba muno akukumbukira m'mene madzi anakwerera chaka cha 1980. Chaka cha 2024 anakweranso, nalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Amene anali ndi malo kumtunda anasamukira kumeneko. Amene anagulitsa kumtunda n'kutsala ndi kachigawo ka pamadzi anasowa kolowera. Choncho poganiza za malo, tiziwerengera chaka chimene nyanja yadzadza, pakuti chaka chotere chimabwera ndithu.

Tichite chiyani?

1. Wogula akabwera, nkhani ipite pabwalo masana, mbumba yonse ilipo, amayi ndi achinyamata omwe. Zokambirana za usiku kuseri kwa nyumba tizikane.
2. Mudzi ugwirizane tsopano lino malo amene sadzaperekedwa kwa wina aliyense: dooko, potunga madzi, pa mathandala, manda ndi njira zopita kunyanja. Zilembedwe, ndipo komiti ya malo isunge kalatayo.
3. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve. Pemphani munthu wanu amene mumamukhulupirira akuwerengereni m'Chichewa kapena m'Chiyao. Funsani malire, zaka, ndiponso mwini wa malowo zakazo zikadzatha. Safunsa anadya phula.
4. Ngati mudzi wavomera kulandira mlendo, m'kalatamo mulembedwe kuti njira ya kunyanja ikhala yotsekula, ndipo malire ayendedwe ndi mapazi pamaso pa mboni.
5. Mabanja alembetse malo awo, ndipo maina a amayi asasiyidwe.
6. Posankha komiti ya malo, tisankhe anthu oona mtima, ngakhale sali abale a mfumu.

Inu mafumu, pepani ngati ndalankhula mopyola. Ulemu wanu timaudziwa, ndipo n'chifukwa chake tikupempha kuti mutitsogolere pa nkhaniyi. Inu amayi, malowa ambiri ndi a mbumba yanu, tsono musakhale chete pabwalo. Inu anyamata, mlendo akakupemphani kuti mumufunire malo, mutengereni kubwalo, musamutengere kwa malume anu okha.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi m'mudzi mwathu njira zopita kunyanja zatsala zingati, ndipo zimene zinatsekedwa anatseka ndani?
2. Kodi komiti ya malo ilipo m'dera lathu? Amayi amene alimo tikuwadziwa?
3. Kodi pali mayi wamasiye pakati pathu amene malo ake ali pa chiopsezo? Timuperekeza liti kwa amfumu?