KUFUNA NDI KUPEMPHA MAPEPALA A MIRANDU KU MAKAUNTI A KU AMERICA

 Monga mudziwa, mphunzitsi sawerukira pa khomo la sukulu, pakuti kumudzi ndiye mlembi wa anthu onse. Kalata ikafika yocokera kutali amadza nayo kwa ife, ndipo pofuna kuyankha amadzanso kwa ife. Masiku ano ana a kwathu ambiri ali kutsidya kwa nyanja, ena anamwino, ena ophunzira, ena oyendetsa magalimoto, cotero makalata amene tifunsidwa kulemba asanduka obvuta. Ndifuna kukusimbirani za nchito imodzi yotere imene inandigwera, kuti ikadzagwera wina wa inu asadzataye miyezi monga ndinataya ine.

M'caka ca 2021 amalume anga anamwalira ku Texas, m'dziko la America, kumene anakhala zaka zambiri. Kuno kwathu anasiya mwana wamkazi amene anali ku sukulu ya sekondale. Patapita miyezi, munthu wina amene anali kukhala nao nyumba imodzi anaimba lamya nati, "Za cuma zinatha ku bwalo la mirandu, palibe cotsala." Mau amenewa anautsa mkwiyo pa mudzi, ndipo ambiri anati munthuyo wadya cuma ca masiye. Tsono agogo anandiitana nati, "Mdzukulu wanga, iwe ndiwe wodziwa cizungu. Ngati linalidi bwalo, linalemba. Kafunse cimene linalemba." Mau a agogowa ndiwo mutu wa nkhani yanga yonse.

Coyamba tidziwe mmene dzikolo linagawidwira. America ali ndi zigawo 50, ndipo ciri conse ciri ndi malamulo ace ndi mabwalo ace. Zigawozo zinagawidwanso m'madera ang'ono ochedwa makaunti, amene tingawafanizire ndi maboma athu. M'dziko lonse alipo oposa 3,000. Texas yekha ali nao 254, pamene Delaware ali nao 3 okha. Ku Louisiana madera otere amawacha parish, ku Alaska borough. Mirandu yambiri ya anthu wamba, monga ya maukwati, ngongole, minda, kuba ndi cuma ca masiye, imazengedwa pa bwalo la kaunti, ndipo mapepala ace amasungidwa pomwepo m'manja mwa kalaliki wa bwalo. Palibe nyumba imodzi ku Washington yosunga zonse.

Apa ndi pamene ndinaphunthwa. Ndinamva kuti kuli njira ya pa intaneti yochedwa PACER yofuniramo mirandu, ndipo ndinatha masabata ndiri kufufuza dzina la amalume osalipeza. Pambuyo pace ndinazindikira kuti PACER ndi ya mabwalo a boma lalikulu la dziko lonse, ndipo mirandu ya makaunti mulibe. Ndinalembanso kalata yochula lamulo la 1966 lochedwa Freedom of Information Act, osadziwa kuti lamulolo likhudza maofesi a boma lalikulu, osati mabwalo a mirandu. Indetu safunsa anadya phula.

Koma ufulu wakuona mapepala a bwalo ulipo ndithu, ndipo ngwakale. M'caka ca 1978, pa mlandu wa Nixon v. Warner Communications, Bwalo Lalikulu la dzikolo linabvomereza kuti anthu ali ndi ufulu wakuona ndi kukopera mapepala a mabwalo, ngakhale ufuluwo uli ndi malire. M'caka ca 1980, pa mlandu wa Richmond Newspapers v. Virginia, umene unayambira ku Hanover County, bwalo lomwelo linagamula kuti mirandu ya upandu iyenera kuzengedwa poyera. Cifukwa cace ncomveka: woweruza amene adziwa kuti zocita zace zidzawerengedwa ndi munthu ali yense amasamala dzanja lace. Pa mapepala oonekera anthu onse, wopempha kawirikawiri safunsidwa cifukwa cimene awafunira.

Tsono njira yace ndi iyi. Yambani ndi kudziwa kaunti yeniyeni. Mlandu wa cuma ca masiye umapita ku kaunti kumene womwalirayo anali kukhala, mlandu wa upandu kumene colakwaco cinacitikira. Dzina la mzinda silikwanira, pakuti mzinda ndi kaunti kambiri maina ao ngosiyana: Chicago ali mu Cook County, mbali yaikulu ya Houston iri mu Harris County. Ndiponso maina ena, monga Washington County, apezeka m'zigawo zambiri, cotero lembani kaunti ndi cigawo pamodzi. Ine ndinapeza kaunti ya amalume pa envulopu yakale imene agogo anasunga m'Baibulo mwao.

Caciwiri, dziwani kalaliki woyenera, pakuti m'kaunti imodzi angakhalemo awiri kapena atatu. Ku Texas, District Clerk amasunga mirandu yaikulu ya upandu ndi yambiri ya kutha kwa maukwati, pamene County Clerk amasunga ya cuma ca masiye ndi makalata a malo. Ku New York za masiye zimapita ku Surrogate's Court. Ku Pennsylvania kuli Register of Wills wa makalata ogawira cuma, ndi Prothonotary wa mirandu ya kusumirana. Mukalembera wolakwika, kalata yanu ingagone m'kabati kapena kubwezedwa.

Cacitatu, funani nambala ya mlandu. Mlandu uli wonse uli ndi nambala yace, monga mwana ali ndi nambala m'kaundula wa sukulu. Makaunti ambiri, makamaka akulu, anaika mndandanda wa mirandu pa intaneti, ndipo munthu angafufuze ndi dzina. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana, cifukwa maina athu amasokonezeka m'manja mwa alendo. La amalume linalembedwa losowa cilembo cimodzi. Mukaupeza mlandu, werengani cimene amacha docket, ndiwo mndandanda wa mapepala onse operekedwa ku bwalo ndi masiku ace. Pamenepo mudzasankha ofunika okha, m'malo mwa kulipira mtolo wonse.

Cacinai, lembani pempho lalifupi ndi lomveka. Chulani nambala ya mlandu, maina a eni mlandu, caka, dzina la pepala liri lonse mulifuna, ndi keyala yanu. Musasimbe madandaulo a banja, pakuti kalaliki saweruza, ndipo saloledwa kupereka uphungu wa za malamulo. Nenaninso mtundu wa kope. Kope wamba likwanira powerenga cabe, koma lopita ku banki kapena ku bwalo lina liyenera kukhala lotsimikizidwa ndi cidindo ca kalaliki. Mitengo isiyana m'zigawo. Ine ndinalipira dola 1 pa tsamba liri lonse ndi madola 5 a cidindo. Funsiranitu njira yolipirira. Kwa ine anathandiza mkristu mnzathu wokhala komweko, ndipo ndinambwezera ndalama zace kudzera mwa abale ace kuno.

Dziwaninso kuti si mapepala onse ali poyera. Mirandu ya ana ang'ono, ya kutenga mwana wa wina kukhala wako mwa lamulo, ndi ina imene woweruza analamula kuti itsekedwe, siperekedwa kwa munthu wamba. Manambala a cinsinsi, monga a ku banki, amafafanizidwa. Ici ncabwino, ndipo ife aphunzitsi tiyenera kucimvetsa koposa onse, pakuti sitifuna kuti colakwa ca mwana wa zaka 13 cimtsate kufikira imvi. Mapepala akale kwambiri angakhale atasamutsidwira ku nyumba zosungira zakale za cigawo, ndipo ena anatayika: moto wa ku Richmond mu April 1865 unatentha mabuku a makaunti angapo a Virginia, ndi moto wa ku Chicago wa 1871 unaononga a Cook County.

Nanga ife tinapezanji? Envulopu inafika mu 2022, ndipo ndinaiwerenga pamaso pa banja lonse, ndiri kumasulira mzere ndi mzere. Munali wilu ya amalume, cigamulo ca bwalo coilandira, ndi mndandanda wa katundu, umene lamulo la Texas lifuna kuti woyang'anira cuma apereke m'masiku 90. Munalinso mapepala a ngongole. Zinaoneka kuti ngongole za ku cipatala zinadya gawo lalikulu, ndiponso kuti munthu uja tinamyesa mbala sanali woyang'anira cuma konse. Iye anangonena zimene anamva. Koma wiluyo inachula mwana wa amalume ndi dzina, ndipo kalata yomdziwitsa inatumizidwa ku bokosi la positi limene banja linaleka kalekale. Pa mapepala omwewo panali keyala ya loya wa woyang'anira. Tinamlembera, ndipo ndalama zotsalazo, ngakhale zinali zocepa, zinafika ndi kumaliza sukulu ya mlongo wangayo.

Anzanga, taonani zinthu ziwiri zimene pepala linacita tsiku limodzi: linabwezera mwana wamasiye gawo lace, ndipo linacotsa citonzo pa munthu wosalakwa. Ine ndemwe ndinali mmodzi wa omnenera zoipa, ndipo ndinayenera kumlembera kalata yopepesa. Makolo anati mlandu suola. Kale unali kusungidwa m'mitu ya nkhoswe ndi nduna za mfumu. Lero ukusungidwa m'mabuku a kalaliki, ndipo wodziwa kupempha ndiye amaupeza uli wamoyo.

Potsiriza ndipempha zinthu ziwiri. Pophunzitsa kalembedwe ka makalata m'makalasi apamwamba, tisalekeze pa kalata yopempha nchito. Ana alembenso kalata yopempha kope la cigamulo, yokhala ndi nambala, maina ndi tsiku. Luso lomweli lidzawathandiza kuno kwathu, pakuti mabwalo athu a Local Court, oyenda pa lamulo la 1966, nao ali ndi akalaliki ndi mabuku a mirandu. Ndipo tiuze makolo amene ali ndi ana kunja kuti asunge keyala yao yonse, ndi dzina la kaunti, pamalo osabvunda, ndi kuwadziwitsa msanga keyala ya kuno ikasintha. Envulopu imodzi yakale ndiyo inatipulumutsa ife.