Boma Linafunsa za Mitundu Iwiri Yokha

Nkhani ya madzulo ano icokera ku Canada, dziko lalikulu lacisanu la kumpoto kwa Amereka.

M'caka ca 1963 m'dzikomo munali kusamvana. Anthu a ku Quebec, olankhula Cifalansa, anali kudandaula kuti nchito zapamwamba za Boma ndi za malonda zinali m'manja mwa olankhula Cingelezi, ndipo anyamata ena a mtima wapacala anayamba kuphulitsa mabomba mumzinda wa Montreal. Pamenepo nduna yaikulu, Bambo Lester Pearson, anaika bungwe la anthu khumi, lotsogozedwa ndi André Laurendeau ndi Davidson Dunton, kuti likamve maganizo a anthu. Funso limene analipatsa linali ili: kodi mitundu iwiri imene inakhazikitsa dziko, Angelezi ndi Afalansa, ingakhale bwanji molingana? Za mitundu yina kalata ya Boma inangochula pang'ono cakumapeto.

Mu 1964 bungwelo linayendayenda m'mizinda kucititsa misonkhano. Litafika kumadzulo, ku zigwa zimene alimako tirigu, linakumana ndi mau amene silinawayembekeze. Kumeneko kukhala anthu ambiri a mtundu wa ku Ukraine, amene makolo ao anayamba kufika mu 1891, naswa mphanje m'chire lozizira, namanga macalici ndi masukulu. Iwowa anakana kuti dziko liwerengedwe la mitundu iwiri. Ngati kufika kale ndi kukhetsa thukuta ndiko kupatsa munthu dzina la mwini mudzi, nanga iwo alekeranji kuchedwa comweco? Paja akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Analemba makalata, nadzaza misonkhano, ndipo Paul Yuzyk, wa mtundu wao, ananena zomwezo m'nyumba ya malamulo ya Senate caka comweco.

Bungwe silinatseke makutu. Buku lacinai la lipoti lace linali la mitundu yinayo. Tsono pa 8 October 1971 nduna yaikulu Pierre Trudeau analengeza kuti zinenero za Boma zikhala ziwiri, Cingelezi ndi Cifalansa, koma palibe mwambo wa mtundu umodzi umene udzakhala wa Boma kuposa unzace. M'mawa mwace anakalankhula pa msonkhano wa a ku Ukraine ku Winnipeg. Mu 1988 mfundoyo inasanduka lamulo.

Si onse anakondwa ai. Robert Bourassa, mtsogoleri wa Quebec, anaikana mfundoyo, poona kuti Afalansa, amene dandaulo lao ndilo linayambitsa zonse, asandutsidwa mtundu umodzi mwa yambiri. Ndipo eni nthaka enieni, monga a Cree ndi a Inuit, amene Azungu anawapeza m'dzikomo, analibe ndi mmodzi yemwe pa mipando khumi ija. Bungwe linati nkhani yao siinali m'kalata imene Boma linalituma nayo.