Mawu a mlendo wolemekezeka pa za kusunga mbiri ya ozimitsa moto ku Virginia City



Tauni ya Virginia City ku Nevada inamangidwa mwaphuma siliva atapezeka m'chaka cha 1859 pa Comstock Lode, womwe ndi mzere wa miyala ya siliva wodutsa m'munsi mwa phiri la Davidson, ndipo nyumba zake zambiri zinali zamatabwa, zothithikana pamtsetse wouma wowomba mphepo yamphamvu. Pansi pa nthaka napo panali chakudya cha moto chochuluka, popeza kuyambira 1860 migodi inkachirikizidwa ndi mitengo yolumikizidwa mbali zonse kuti denga lisagwe, luso limene Philip Deidesheimer anayambitsa. Anthu amene anaima pakati pa matabwa onsewa ndi moto anali ongodzipereka, okoka ndi zingwe ngolo yonyamula mpope wopopa ndi manja, umene unkaponya madzi pokhapokha amuna ambiri akamakweza ndi kutsitsa mikono yake mosinthana.

Moto wa pa 26 Okutobala 1875, umene unapsereza nyumba pafupifupi 2,000 kuphatikizapo khoti ndi tchalitchi cha St. Mary's in the Mountains, ndi wodziwika kale, ndipo Comstock Firemen's Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale za ozimitsa moto, ikuyenera kuyamikiridwa posamala ngolo, zipewa zachikopa ndi malipenga a nthawi imeneyo.

Komabe pali moto wina umene sunasiye kanthu konyezimira koti alendo ajambule. Pa 7 Epulo 1869 unabuka mu mgodi wa Yellow Jacket ku Gold Hill, pafupi ndi Virginia City, n'kufalikira ku migodi ya Kentuck ndi Crown Point, ndipo anthu osachepera 35 anafa, ambiri chifukwa cha utsi. Ozimitsa moto anatsikira kumene kunalibe kothawira, ndipo pamene madzi analephera, zitsime za migodi zinatsekedwa n'kupoperamo nthunzi kuti motowo usowe mpweya, pomwe matupi ena anali akadali pansi. Mbiri yotere simakhala m'mkuwa wopukutidwa, koma m'makaundula a magulu a ozimitsa moto, m'nyuzipepala monga Territorial Enterprise, ndi m'makalata a mabanja ofedwa, zinthu zimene zimafumbwa msanga, ndiponso zimene, kunena zoona, opereka thandizo la ndalama sachita nazo chidwi monga amachitira ndi ngolo yopakidwa utoto wofiira.

N'chifukwa chake mlendoyu akupempha osamala mbiriyi kuti mapepalawo ajambulidwe n'kusungidwa pa kompyuta, mayina a ogwira ntchito mumgodi amene anafa alembedwe pafupi ndi a ozimitsa moto amene anawatsikira, komanso kuti achinyamata aphunzitsidwe kupopa mpope wakalewo ndi manja awo akuluakulu odziwa kayendetsedwe kake akadalipo.