Ndalama Yamphamvu, Mpunga Wosowa Msika



Munthu akamva kuti ndalama ya dziko lake yakwera mphamvu amakondwa, pakuti amayesa kuti dziko lalemera. Koma makolo adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zimene zidagwera dziko la Thailand m'chaka cha 2019 zikuonetsa kuti mphamvu ya ndalama ingathe kusandutsa mlimi wakhama kukhala wosauka nkhokwe yake ili yodzaza.

Thailand ndi dziko la ku Asia limene kwa zaka zambiri lidali patsogolo pa maiko onse pogulitsa mpunga kunja, kufikira pamene India adalipitirira m'chaka cha 2012. Mpunga wake wonunkhira wa Hom Mali ngotchuka pa dziko lonse, ndipo mpunga wina wambiri unkapita ku Africa, ku maiko monga Benin ndi South Africa. Dzikolo limatumizanso kunja nsomba za m'zitini, nyama ya nkhuku, shuga ndi chinangwa.

M'chaka cha 2019 ndalama ya kumeneko, yotchedwa baht, idakwera mphamvu koposa ndalama zina za ku Asia. Alendo okaona malo pafupifupi 40 miliyoni adafika m'dzikomo chaka chimenecho, ndipo dziko linkalandira ndalama zakunja zochuluka kuposa zimene linkalipira kunja. Aliyense wobwera ndi madola ankafuna mabaht, motero mtengo wa baht udakwera. Kumapeto kwa 2018 dola imodzi ya ku America inkagula mabaht 32 ndi theka, koma pofika kumapeto kwa 2019 inkangogula pafupifupi mabaht 30.

Kusiyana kumeneku kukuoneka kochepa, koma masamu ake ngoopsa. Mwachitsanzo, wamalonda amene wagulitsa tani imodzi ya mpunga pa madola 400 akadalandira mabaht 13,000 pa mtengo woyamba uja, koma pa mtengo wachiwiri alandira 12,000 okha. Chikhalirecho mlimi, mwini chigayo ndi antchito onse amalipidwa m'mabaht, ndipo malipiro awo satsika chifukwa ndalama yakwera mphamvu. Tsono wamalondayo ali ndi njira ziwiri zokha. Angathe kukweza mtengo kufika pa madola 433 kuti apeze zomwe ankapeza kale, koma akatero wogula wa ku Cotonou amatembenukira ku India kapena ku Vietnam kumene mpunga ngotsika mtengo. Angathenso kusunga mtengo wakale, koma pamenepo amatsitsa ndalama yogulira mpunga kwa mlimi. Njira zonse ziwiri zimakathera pakhomo pa mlimi.

Zotsatira zake sizidachedwe. M'chaka cha 2018 Thailand adagulitsa kunja matani a mpunga oposa 11 miliyoni. M'chaka cha 2019 chiwerengero chidatsika kufika pa matani 7.6 miliyoni, ndipo mu 2020 chidagwa mpaka 5.7 miliyoni, kotero kuti Vietnam naye adalipitirira dzikolo. Kunena zoona, si ndalama yokha imene idachita zimenezi, pakuti chilala chidachepetsa zokolola ndi kukwezanso mitengo. Koma mphamvu ya baht ndiyo idatseka mpata wotsitsa mtengo panthawi imene opikisana nawo ankagulitsa motchipa.

Banki yaikulu ya dzikolo sidakhale chete. M'mwezi wa November 2019 idatsitsa chiongoladzanja chake kufika pa 1.25 peresenti, nifewetsanso malamulo kuti amalonda azitha kusunga kunja madola amene apeza, m'malo mowasinthitsa msanga. Cholinga chidali kuchepetsa anthu olimbirana baht.

Wina asaganize kuti mankhwala ake ndi ndalama yofooka. Dziko la Malawi, limene limagula feteleza ndi mafuta a galimoto kunja, lidaona mitengo ikukwera pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yofooka imapweteka wogula, yamphamvu kopitirira imapweteka wogulitsa, ndipo mlimi ndiye amene ali mbali zonse ziwiri, pakuti amagula feteleza nagulitsa mpunga.

Tsono mtsogoleri wa Chipani ndi wogwira ntchito m'Boma ayenera kuphunzitsa anthu zinthu ziwiri. Choyamba, ulemu wa dziko suli pa kuchuluka kwa madola amene ndalama yake ingagule, koma pa katundu amene dzikolo lingagulitse. Chachiwiri, chitetezo cha mlimi wa mpunga wa Kilombero ku Karonga, ku Nkhotakota kapena m'chigwa cha nyanja ya Chilwa chili pa kukolola zambiri pa ekala imodzi, pa ulimi wothirira, pa mbewu yosasakaniza ndiponso pa misewu yabwino yofikira ku msika. Mpunga wolimidwa motsika mtengo ndi wosankhidwa bwino sutaya ogula msanga ngakhale ndalama isinthe mphamvu.

Alimi a ku Thailand adalima mwakhama, koma msika udawathawa chifukwa cha mtengo wa ndalama umene iwo sadauike. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.