Kodi kukonza malamulo ndi kugonja? Mawu olankhulidwa ku Zandspruit

Amayi ndi abambo, abale anga a muno mu Zandspruit, inu amene mumalawira mbandakucha kukagwira ntchito m'nyumba za ku Honeydew ndi m'minda ya ku Muldersdrift:

Pakati pa omenyera ufulu wa antchito, amene pa ndale amatchedwa a kumanzere, pali mtsutso wakale. Ena amati njira ndiyo kukweza malipiro ndi kukonza malamulo. Ena amati kumeneko n'kupaka laimu khoma long'aluka, pakuti bwana amakhalabe bwana, ndipo nthaka ndi chuma zimatsala m'manja mwa ochepa. Mtsutsowu unabukanso mu 2018 pa nkhani ya malipiro otsikitsitsa a R20 pa ola: bungwe la COSATU linavomereza, koma la SAFTU linaguba m'misewu likunena kuti amenewo ndi malipiro a ukapolo.

Otsutsawo anali ndi mfundo. Lamulolo litayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, wa m'munda anamuikira R18, wa m'nyumba R15 yokha. Ngakhale pakati pa osauka, inu anakuikani kumapeto kwa mzere.

Komatu nkhani sinathere pomwepo. Mu Malichi 2021 a m'minda anafanana ndi antchito ena onse, ndipo mu Malichi 2022 a m'nyumba nawonso anafika pa R23.19. Kumbukiraninso mayi Maria Mahlangu, amene anamira m'dziwe losambira la kuntchito kwawo ku Pretoria mu 2012. Banja lawo linalibe mwayi wolandira chipukuta misozi chifukwa lamulo la COIDA silinkawerengera antchito a m'nyumba. Mwana wawo, mothandizana ndi bungwe la SADSAWU, analimbikira mpaka pa 19 Novembala 2020, pamene khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kusankha kumeneko n'kosaloledwa. Ndani angauze mwana ameneyo kuti chigamulocho n'chachabe?

Tsono funso loyenera si lakuti kusinthako n'kwakukulu kapena kwakung'ono. Funsani kuti: kwabwera ndi mphamvu za ndani, nanga kwakusiyani olimba kapena ogona? Malipiro a m'minda anakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105 patsiku mu 2013, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa othyola mphesa a ku De Doorns ananyanyala ntchito. Chimene mwachipeza motero chimakuphunzitsani mphamvu zanu. Chimene wandale wakuponyerani kuti mukhale chete, mawa akhoza kukulandani.

Akuluakulu anati fodya n'uyo ali pamphuno. Musanyoze chimene chili m'manja poyembekezera tsiku limene zonse zidzasinthe, pakuti lendi ya kachipinda siidikira tsiku limenelo. Komanso musachiyese mapeto a ulendo. Lamulo lolembedwa ku Cape Town sililowa lokha pageti la bwana. Amalilowetsa ndi antchito ogwirizana.

Choncho lembani m'kope maola anu ndi ndalama zimene mwalandira. Akakuchotsani ntchito mopanda chilungamo, kadandauleni ku CCMA pasanathe masiku 30. Mu 2008 khoti la zantchito linagamula kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito nayenso ndi wantchito pamaso pa lamulo. Ndipo lowani m'bungwe limodzi ndi anzanu a kuno, a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique, pakuti mutu umodzi susenza denga.