Dotolo Watson ndi Njoka ya mu Mtsinje wa Luanshya

Mvula ikamayandikira, pafikanso mlendo amene palibe amuitana, ndiye udzudzu. Cifukwa cace ndifuna kukufotokozerani mbiri ya dotolo wina amene anatha zaka zace alikulimbana ndi kacirombo kameneka. Dzina lace ndi Malcolm Watson.

Watson anabadwira ku Scotland m'caka ca 1873, naphunzira udotolo pa sukulu yaikuru ya ku Glasgow. Kale anthu, ngakhale madotolo omwe, anali kuyesa kuti malungo acokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Koma mu 1880 dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, anaona ndi galasi lokuza zinthu tizirombo tating'ono m'mwazi wa munthu wodwala malungo. Ndipo mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizirombo tomweto m'mimba mwa udzudzu. Pamenepo cinsinsi cinaululika. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles uyamwa mwazi wa wodwala, tizirombo tikula m'thupi mwace, ndipo ukaluma munthu wina umpatsira nthendayo.

Mu 1901 Watson anali dotolo wa boma ku Klang, m'dziko la Malaya. Caka comweco anatsegula doko latsopano la Port Swettenham, koma anchito anadwala ambiri kotero kuti akuru a boma anafuna kulitseka. Watson ndi anzace anapempha kuti ayambe ayesa kukumba ngalande ndi kukwirira zithaphwi, kuti udzudzu usowe poikira mazira. Anatero, malungo nacepa, doko nilipulumuka.

Koma pamene anatengera njira yomweyo ku minda ya mphira ya kumapiri, inakanika. Apa ndi pamene panaoneka nzeru zace za munthuyu, pakuti sanaumirire. Anayenda m'timitsinje natunga madzi, nayang'anitsitsa mphutsi, napeza kuti udzudzu wa kumapiri ndi wa mtundu wina. Wa kucigwa unali kukonda madzi a mumthunzi, ndipo kudula thengo kunauthamangitsa. Koma wa kumapiri ukonda timadzi toyenda pamene dzuwa liwala, kotero kuti kudula mitengo kunali ngati kuuyalira mphasa. Tsono anaika mipope pansi pa nthaka kuti madziwo aziyenda mobisika. Kuyambira pamenepo lamulo lace linali lakuti munthu ayambe wadziwa mtundu wa udzudzu ndi malo amene uswana, asanagwire khasu.

Tsopano tibwere kuno kwathu. Pamene anali kumanga mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, caka ca 1930 cisanafike, anthu anali kufa kowopsa ndi malungo, kamwazi, cibayo ndi nthenda ija ya mkodzo wakuda. Mbiri inabuka m'komboni kuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cacikuru cimene cinakwiya, ndipo ndico cili kutha anthu. Anchito ambiri anamanga mitolo usiku nathawa, ndipo ena anakana kulembedwa nchito kumeneko. Eni mgodi anaitana J. E. Stephenson, amene anthu anamucha Chirupula, kuti pamodzi ndi akuru a Alamba acite mwambo wopepesa. Mitima inakhala pansi pang'ono, koma maliro sanaleke.

Tisawaseke makolo athu aja. Iwo anaona bwino kuti imfa iri kucokera kumtsinje. Cokhaco sanadziwe kuti mdaniyo ndi wocepa kupambana njere ya mpunga.

Chester Beatty, mkuru wa kampani ya mgodiwo, anapempha cithandizo ku Ross Institute ya ku London, kumene Watson anali kugwira nchito, ndipo mu 1930 iye anafika ku Luanshya. Anacita monga anacitira ku Malaya. Anapeza adani awiri. Woyamba, Anopheles gambiae, uswana nthawi ya dzinja m'tizithaphwi ta padzuwa, monga m'maenje oumbira njerwa ndi m'mikwasa ya magalimoto. Waciwiri, Anopheles funestus, ukhala m'madambo ndi m'mbali mwa mtsinje, pakati pa udzu ndi mabango, ndipo sutha ngakhale m'cirimwe. Tsono anaongola mtsinje kuti madzi azithamanga, nazula mabango, nakumba ngalande m'madambo, nathira mafuta pa madzi amene anakana kuuma, kuti mphutsi zilephere kupuma. Nchito yotere inacitikanso ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Nchanga. Akatswiri amene anawerenganso mabuku a migodi mu 2001 anapeza kuti m'zaka 3 kufikira 5 kudwala ndi kufa ndi malungo kunacepa ndi magawo 70 kufikira 95 pa 100 alionse. Mbiri ya njoka ija inazirala yokha.

Pano tinene zoona zonse. Nzeru inali ya Watson, koma manja amene anagwira fosholo m'matope, tsiku ndi tsiku, anali a anthu a mu Afirika muno, amene maina ao sanalembedwe. Ndiponso waya wa m'mazenera ndi mankhwala ocinjiriza zinayamba kufika ku nyumba za Azungu, osati ku komboni. Koma ngalande sizisankha khungu. Udzudzu utacepa, onse anapuma.

Nanga mankhwala amene madotolo aja anali nao anacokera kuti? Anacokera ku mtengo. Kwinini ndi wa m'khungwa la mtengo wa cinchona, umene umera ku mapiri a ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France anaulekanitsa ndi khungwalo mu 1820. Mankhwala a Coartem amene mulandira ku cipatala nawonso maziko ace ndi citsamba ca ku China, Artemisia annua, cimene mai Tu Youyou ndi anzao anatulutsamo mphamvu yace mu 1972. Mitengo iri ndi mankhwala ndithu, koma afunika kuyesedwa kuti muyeso wace udziwike. Ku Ndola kwathu kuno, Tropical Diseases Research Centre inayamba mu 1975 monga nyumba ina yofufuza nthenda zotere.

Watson analemba za nchito ya ku Migodi m'buku lace, African Highway, mu 1953, namwalira mu 1955. Malungo sanathe m'dziko muno, ndipo agwira kwambiri ana ang'ono ndi amai apakati. Tsono mawa kukaca, zungulirani nyumba yanu. Kwirirani dzenje lija munakumbamo dothi, tsegulani ngalande yotsekeka ndi zinyalala, gonekani ana m'neti, ndipo mwana akatentha thupi musacedwe, pitani naye ku cipatala akamuyese mwazi tsiku lomwelo.