Bawuti Yokhetsera Oyilo Ikatha Mazinga

Nkhani yanga ndi ya bawuti imodzi yokha, ija ili pansi pa injini imene timamasula tikamakhetsa oyilo. Ilipo pa njinga yamoto, pa njinga ya matayala anayi ija imayenda m'minda ndi m'matope, ngakhalenso pa pampu ya kalabu yothirira kudimba. Ikatha mazinga, oyilo amadontha pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina injini imanoka mbewu zikufuna madzi.

Choyamba timvetse chimene chimawonongeka. Bawuti ndi yachitsulo, koma thupi la injini limene imalowamo nthawi zambiri ndi la aluminiyamu, amene ndi wofewa. Mukamanga mopitirira muyeso, kapena mukailowetsa mopendama, amene amadyeka ndi mazinga a injini. Mudzaona bawuti ikungozungulira osagwira, ndipo mukaitulutsa imabwera ndi tizitsulo toyera ngati ulusi. Apo kugula bawuti yatsopano sikuthandiza.

Ngati mazinga angophwanyika pang'ono pakhomo, makaniko akhoza kuwawongola podutsitsamo tapu, kachida kodulira mazinga, ya saizi yomweyo. Akadyekeratu, njira ndi ziwiri. Ina ndi kukulitsa bowo n'kudula mazinga atsopano. Injini zambiri za Honda zili ndi bawuti ya mamilimita 12, ndipo amakaniko amaikweza kufika pa 14 ataboola ndi dirilo ya 12.5. Koma ayambe aona ngati m'mbali mwa bowolo muli mnofu wokwanira, chifukwa pakachepa injini imang'aluka, ndiye mwalowa m'mavuto aakulu kuposa oyamba. Njira ina ndi kuikamo kawaya kopota ngati sipuling'i kotchedwa Helicoil, kamene kamakhala mazinga atsopano achitsulo, bawuti n'kukhalabe ya saizi yakale. Ine ndimakonda imeneyi, ngakhale kuti zida zake sizipezeka pa malo ogulitsira alionse.

Njira iliyonse imene mwasankha, imani pomwepo ntchito ikamachitika. Tapu ilowe mowongoka, chifukwa ikapendama washa sakhala bwino ndipo oyilo azidonthabe ngakhale mazinga ali atsopano. Aipake girizi wambiri kuti tizitsulo todulidwa tizikakamira pamenepo, azizungulitsa pang'ono n'kubweza, kuipukuta, n'kupakanso. Akamaliza, thirani oyilo pang'ono pamwamba bowo lili lotsegula kuti atsuke zotsalira. Kachitsulo kamodzi kakatsalira mkati kakhoza kukanda mabeyaring'i.

Tsono pali zija timachita kumudzi kuti tingofika mawa: kukulunga pepala la pulasitiki pa bawuti, kumata guluu, ena mpaka kukhomerapo kamtengo. Alimi anzanga, injini ikatentha ndi kunjenjemera zonsezi zimamasuka, ndipo pampu imakhala ikulira yokha kudimba popanda woiyang'ana. Injini yaing'ono ya pampu imalowa oyilo wosafika ndi lita imodzi yomwe, ndiye satenga nthawi kutha.

Pomanga, yambani ndi zala. Bawuti izungulire kangapo mosavuta musanagwire sipanala, ndipo ikalimba msanga bwezani, yalowa molakwika. Washa wa aluminiyamu kapena wa kopa uja anapangidwa kuti aphwanyike kamodzi n'kutseka mpata, choncho muzisintha nthawi iliyonse mukakhetsa oyilo. Ambiri amamangitsa chifukwa washa wakale akudontha, osadziwa kuti akupha mazinga. Sipanala yaifupi ndi dzanja limodzi zikwanira, musawonjezere paipi.

Kwa makomiti a makalabu, pempho langa ndi lakuti musankhe munthu mmodzi wosintha oyilo, azilemba m'buku tsiku limene wasintha, ndipo pa ndalama za gulu muzipatula yogulira mawasha angapo osungira. Oyilo wakudayo musamataye m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, muzimusunga m'chigubu chotseka.